Kuchotsa gawo la hadi disiki popanda kugonetsa kompyuta: mafunso ndi mayankho

Malaputopu ambiri amene tikugwiritsa ntchito m'maofesi, m'masukulu ndi m'makomo mwathu anadutsa kale m'manja mwa anthu angapo. Wina anaikamo Windows, wina anagawa disiki pawiri, winanso anayesako Ubuntu n'kuisiya momwemo. Pofika kwa inu, disiki ili ndi magawo anayi kapena asanu, ena opanda n'dzina lomwe, kwinaku C: yafiira chifukwa chodzaza. Kuchotsa magawo osafunikawo n'kotheka ndithu, ndipo kumatenga masekondi ochepa. Chimene chimathera munthu tsiku lathunthu ndi kompyuta yokana kudzuka pambuyo pake. Mayankho ali m'munsiwa ndi a makompyuta a Windows 10 ndi Windows 11.

Kodi gawo la disiki n'chiyani kwenikweni? Mu This PC ndimaona C: ndi D: basi, koma ndauzidwa kuti alipo ambiri.

Hadi disiki kapena SSD ndi chinthu chimodzi, koma mkati mwake mumadulidwa malire, monga momwe makolo amagawira ana munda: dothi ndi lomwelo, chasintha ndi pamene pakhomedwa zikhomo. Magawo amenewa amisiri a makompyuta amawatcha mapatishoni. Kumayambiriro kwa disiki kumakhala kaundula wamng'ono wonena kuti gawo lakuti layambira apa ndipo lathera apo. This PC imangoonetsa magawo amene anapatsidwa chilembo. Kuti muone onse, dinani batani la Windows pamodzi ndi X, n'kusankha Disk Management.

Kaundula ameneyu alipo wa mitundu iwiri. Wakale ndi MBR, amene anabwera mu 1983 ndi PC DOS 2.0, amalola magawo akuluakulu anayi okha ndipo satha kuwerenga disiki kupitirira 2 TB. Watsopano ndi GPT, amene pa Windows amalola magawo mpaka 128 ndipo amayendera limodzi ndi UEFI, pulogalamu ya pa bodi yaikulu ya mkati mwa kompyuta imene inalowa m'malo mwa BIOS yakale. Musanakhudze chilichonse, dziwani kuti yanu ikuyendera iti. Dinani Windows ndi R, lembani msinfo32, muyang'ane mzere wa BIOS Mode. Mupeza palembedwa UEFI kapena Legacy. Lembani zimenezo papepala, chifukwa kakonzedwe kake n'kosiyana, ndipo kompyuta ikadzakana kudzuka simudzathanso kufika pa sikirini imeneyi.

Nanga timagawo ting'onoting'ono topanda chilembo? Sitikungodya malo?

Timeneto ndiye tofunika kutisamala kwambiri. Mukayatsa kompyuta, bodi sidziwa kuti Windows ili pati. Chimene imadziwa n'kupita pa kagawo kotchedwa EFI System Partition, ka 100 MB kapena 260 MB, n'kutsegula Windows Boot Manager. Imeneyi imawerenga fayilo yotchedwa BCD, momwe mwalembedwa gawo limene muli Windows, n'kuidzutsa. Mukachotsa kagawo aka, Windows imakhala ilipo, zithunzi ndi makalata anu zonse zilipo, koma kompyuta sidziwanso kozipeza. Pa makompyuta a Legacy ntchito imeneyi ndi ya kagawo ka System Reserved: kanali ka 100 MB pa Windows 7, 350 MB pa Windows 8, ndipo 500 MB pamene Windows 10 inkayamba.

Palinso ka 16 MB kotchedwa MSR, kamene sikaoneka n'komwe mu Disk Management, ndi ka Recovery, kosungira zida zimene Windows imadzikonzera nazo ikadwala; kameneka kawirikawiri sikapitirira 1 GB. Mukaphatikiza tiwiriti ndi ka EFI kaja simupeza ngakhale 2 GB. Palibe munthu amene vuto lake la malo lingathe ndi 2 GB, choncho ine ndimati tisiyeni tikhale.

Oyenera kuwaganizira ndi akuluakulu: D: kapena E: imene simukuifunanso, gawo la Linux imene munasiya, la Windows ina yakale, komanso lija limene HP, Dell ndi Lenovo ankaika pa malaputopu a m'nthawi ya Windows 7 ndi 8 lobwezeretsera kompyuta mmene inachokera kufakitale. Limeneli limatha kudya 10 GB kapena kuposa, ndipo ngati laputopuyo inadzaikidwa Windows ina, nthawi zambiri silikhalanso ndi ntchito.

Disiki yanga ndi ya 500 GB koma ikuonetsa 465 GB. Pali gawo lina lobisika?

Ayi. Opanga madisiki amawerenga m'ma 1,000, Windows imawerenga m'ma 1,024. N'chifukwa chake ya 500 GB imaoneka ngati 465 GB, ya 1 TB ngati 931 GB. Palibe chochotsa pamenepo.

Ndingadziwe bwanji gawo limene kompyuta yanga ikudzukirapo?

Mu Disk Management, pa gawo lililonse pali mawu ofotokoza ntchito yake. Samalani nawo, chifukwa amasokoneza: lolembedwa Boot ndi limene muli Windows yeniyeniyo, pomwe lolembedwa System kapena EFI System Partition ndi limene muli mafayilo odzutsira. Onse awiri musawakhudze.

Msampha waukulu uli pa makompyuta a madisiki awiri. Munthu amagula SSD kuti kompyuta izithamanga, n'kuikamo Windows hadi disiki yakale ikadali yolumikizidwa. Pulogalamu yoikira Windows ikapeza kagawo ka EFI pa disiki yakale, kawirikawiri imagwiritsa ntchito komweko m'malo mopanga kena pa SSD. Zonse zimayenda bwino kwa miyezi, mpaka tsiku limene mwini wake wafufuta disiki yakaleyo kuti azisungiramo mafilimu, kapena waichotsa kuti aike mu kompyuta ina. Poyatsa, uthenga ndi wakuti No bootable device. SSD ili bwinobwino, koma chodzutsira chapita ndi disiki inayo. Ndiye yang'anani ngati Boot ndi EFI zili pa disiki imodzi. Zikakhala kuti china chili pa Disk 0 china pa Disk 1, yambani mwapanga kagawo ka EFI pa SSD, monga tifotokozere kutsogoloku. Amene akukonzekera kumene kuika Windows pa SSD yatsopano azule kaye chingwe cha disiki yakale, ndipo vutoli sadzaliona.

Ndikonzekere bwanji ndisanayambe?

Yambani ndi mafayilo. Chilichonse chimene chili pa gawo lochotsedwalo chimapita nalo, ndipo sichidutsa mu Recycle Bin. Koperani zofunika zonse pa disiki yakunja kapena pa fulashi. Apa ambiri amadzinamiza: amasamutsa zinthu kuchoka pa D: kupita pa C: n'kumati asunga. Magawo awiriwo ali pa chipangizo chimodzi, ndipo lamulo limodzi lolakwika limatha kuwatenga onse. Kumbukiraninso kuti pa makompyuta ena mafoda a Documents ndi Downloads anasamutsidwira pa D:, ndipo mapulogalamu ena anaikidwa komweko.

Mufunikanso fulashi yoikira Windows, ya 8 GB kapena kuposa, yopangidwa ndi Media Creation Tool ya pa tsamba la Microsoft. Imadya bandulo yoposa 4 GB ndipo imafufuta zonse zimene zinali pa fulashiyo, komabe ipangeni kompyuta ikadali yamoyo, muiyesenso ngati ikutsegukadi. Mukaifuna kompyuta itagona kale, muyamba kuyendayenda kubwereka ya anzanu.

Chimene chikugwetsa anthu masiku ano ndi BitLocker. Malaputopu ambiri atsopano amakhala ndi disiki yokhomedwa eni ake osadziwa, ndipo kuyambira pa Windows 11 ya 24H2 kukhomaku kumachitika kokha pa makompyuta ambiri munthu akaika Windows mwatsopano n'kulowa ndi akaunti ya Microsoft. Mukasintha za kadzukidwe, kompyuta ikhoza kukufunsani kiyi wa manambala 48. Kiyiyo amasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft. Mukopereni papepala lero lomwe. Popanda iye palibe mmisiri, ngakhale waluso chotani, amene angakutsegulireni mafayilowo.

Ngati ndi kompyuta ya pa desiki yopanda UPS, kapena laputopu ya batire lakufa, ganiziraninso za magetsi. Kuchotsa gawo n'kwachangu, koma kulisuntha kumatenga nthawi, ndipo magetsi akazima ntchito ili pakati, mafayilo amawonongeka.

Tsopano kuchotsa kwenikweniko kumachitika bwanji?

Mu Disk Management, dinani pa gawolo ndi batani lakumanja la mausi, n'kusankha Delete Volume. Musadalire chilembo chokha. Onaninso kukula kwake ndi dzina lake, ndipo litseguleni komaliza mu This PC mutsimikize kuti ndi lomwelo. Likachoka, pamatsala mzere wakuda wolembedwa Unallocated, malo opanda mwini. Kenako dinani pa C: ndi batani lakumanja, sankhani Extend Volume, n'kuvomereza. C: imakula nthawi yomweyo, osazimitsa n'komwe kompyuta.

Extend Volume yatuwa, sikudinika. Ndalakwa pati?

Simunalakwe. Windows imakulitsa gawo pokhapokha malo opanda mwiniwo atagundana nalo kumanja kwake. Pakakhala kanthu pakati, imakana, ndipo nthawi zambiri chotchinga ndi kagawo ka Recovery kaja, kamene kamakhala pambuyo pa C:. Pa madisiki a MBR pamakhalanso china: D: ikhoza kukhala kuti inali mkati mwa gawo lalikulu lotchedwa extended, ndiye mukaichotsa pamatsala mzere wobiriwira wolembedwa Free space. Umenewo mumauchotsanso, ngati mulibe gawo lina mkatimo, kuti usanduke wakuda.

Za Recovery, mukhoza kukasunthira kumapeto kwa disiki ndi pulogalamu ngati GParted, imene ndi yaulere ndipo imayakira pa fulashi. Mukamaliza lembani reagentc /info mu Command Prompt muone ngati Windows ikukaonabe. Njira ina ndi kukachotsa. Mumatsegula Command Prompt ngati administrator, n'kulemba reagentc /disable kuti zida zija zisamukire mkati mwa C:, n'kuchotsa kagawoko, kukulitsa C:, kenako reagentc /enable. Imeneyi sigwira ngati C: ndi yokhomedwa ndi BitLocker. Ine ndimasankha kusuntha, chifukwa tsiku limene C: idzavulale mudzafuna zida zokonzera zili kunja kwake.

Nanga Delete Volume ikakhala kuti palibe, kapena sikudinika?

Ndiye kuti Windows ikuliteteza gawolo, ndipo muyambe mwadziwa chifukwa chake. Ngati palembedwa Page File, Windows ikusungapo fayilo yothandizira RAM; isamutsireni ku C: m'masetingi a virtual memory, muzimitse n'kuyatsanso, gawolo limasuka. Ngati ndi lija la opanga laputopu, limachoka ndi diskpart. Mu Command Prompt ya administrator lembani mizere iyi umodziumodzi:

diskpart
list disk
select disk 0
list partition
select partition 5
delete partition override

Manambala 0 ndi 5 ndi zitsanzo chabe. Anu muwatenge pa mndandanda umene ukuoneka, poyang'ana kukula kwa gawolo. Diskpart safunsa ngati mukutsimikiza, amangochita. Ndipo pali lamulo lina lalifupi, clean, limene mudzalione m'mavidiyo ambiri a pa YouTube. Limeneli silichotsa gawo limodzi ayi, limafufuta kaundula wa disiki yonse imene mwasankha. Ngati cholinga chanu si kuyambiranso disikiyo pachiyambi, musalilembe.

Ndachotsa gawo la Ubuntu, tsopano pakungobwera sikirini yakuda yolembedwa grub rescue. Windows yapita?

Windows ilipo. Ubuntu ikamaikidwa pambali pa Windows imabwera ndi chodzutsira chakechake chotchedwa GRUB, chija chinkakufunsani poyatsa kuti mukufuna kulowa kuti. Kambali kakang'ono ka GRUB kamakhala kumayambiriro kwa disiki kapena mu kagawo ka EFI, koma mafayilo ake ambiri amakhala m'gawo la Linux. Mwachotsa gawolo, kotsalako kakufunafuna zimene kulibe.

Pa UEFI kukonza kwake n'kophweka. Poyatsa, dinani batani lotsegula mndandanda wa zodzutsira: F9 pa HP, F12 pa Dell ndi pa Lenovo zambiri, Esc pa malaputopu a Asus. Sankhani Windows Boot Manager, Windows idzuka. Kenako lowani m'masetingi a pa bodi, F10 pa HP kapena F2 pa Dell, muike Windows Boot Manager pamwamba pa ubuntu. Pa Legacy, yatsirani pa fulashi ya Windows, mutsegule Command Prompt, n'kulemba bootrec /fixmbr. Lamuloli limalembanso kapulogalamu kodzutsira kamene kali m'mabayiti 512 oyambirira a disiki, osakhudza kaundula wa magawo.

Amene sanachotsebe Ubuntu ayambire kumapeto: akonze kaye kuti kompyuta izilowa mu Windows osadutsa pa GRUB, aiyese, kenako achotse. Adziwenso kuti Windows sitha kuwerenga magawo a Linux, ndiye amaoneka ngati opanda kanthu ngakhale muli mafayilo. Akopere zawo ali mu Ubuntu momwemo.

Kompyuta ikuyaka koma Windows sikudzuka. Pakulembedwa No bootable device, BOOTMGR is missing, kapena 0xc000000e pa sikirini yabuluu. Ndiyambire pati?

Yambani ndi zosavuta. Zulani mafulashi ndi madisiki akunja, muone m'masetingi a pa bodi ngati disiki yoyenera ili pamwamba, ndiponso ngati wina sanasinthe UEFI kukhala Legacy. Zikakanika, yatsirani pa fulashi ya Windows, ndipo m'malo moika Windows sankhani Repair your computer, Troubleshoot, kenako Startup Repair. Nthawi zina imeneyi yokha imatha ntchito. Ikalephera, bwererani mutsegule Command Prompt.

Kumeneko zilembo zimasinthana. Gawo limene mumalidziwa kuti C: likhoza kuoneka ngati D: kapena E:. Lembani diskpart, kenako list volume, mulizindikire ndi kukula kwake, ndipo chilembo chimene mwapezacho ndicho mugwiritse ntchito m'malo mwa C: pa mizere ili m'munsiyi. Pa mndandanda womwewo muona kagawo kakang'ono ka FAT32; ndiko ka EFI. Tinene kuti kali pa nambala 3:

select volume 3
assign letter=S
exit
bcdboot C:\Windows /s S: /f UEFI

Bcdboot imatenga mafayilo odzutsira mu foda ya Windows n'kuwaika mwatsopano pa kagawo ka EFI, n'kulembanso BCD. Ikayankha kuti Boot files successfully created, zulani fulashi muyatse.

Ngati ka EFI kulibiretu, chifukwa kanachotsedwa kapena kanapita ndi disiki ina, mupange kena. Mu diskpart sankhani disiki, kenako gawo la Windows, ndiye mulembe:

shrink desired=300
create partition efi size=260
list partition
format quick fs=fat32
assign letter=S
exit

Mzere wa list partition ndauika pamenepo dala. Onetsetsani kuti kanyenyezi kali pa kagawo katsopano ka 260 MB musanalembe format, chifukwa kupangako kukalephera, chosankhidwa chimakhalabe gawo la Windows, ndipo format imagwera pa chimene chasankhidwa. Mukatero malizani ndi bcdboot yomwe ija.

Pa Legacy malamulo ake ndi bootrec /fixmbr, bootrec /fixboot ndi bootrec /rebuildbcd. Gawo lodzutsiralo liyeneranso kupatsidwa chizindikiro cha active mu diskpart. Ngati System Reserved kanachotsedwa, chizindikirocho chiikeni pa gawo la Windows lomwelo n'kulemba bcdboot C:\Windows /s C: /f BIOS. Ambiri amataya mtima bootrec /fixboot ikayankha kuti Access is denied. Pa kompyuta ya UEFI yankho limeneli n'lofala ndipo silitanthauza kuti disiki yafa. Isiyeni bootrec, mugwiritse ntchito bcdboot.

Okonza makompyuta andiuza kuti tingofomata. Ndivomere?

Musafulumire. Kufomata n'kuikanso Windows ndi njira yachidule, ndipo kompyuta imadzukadi, koma mtengo wake ndi mafayilo anu ndi mapulogalamu anu onse. Vuto la kadzukidwe kawirikawiri limakhala m'kagawo ka ma MB ochepa, disiki yonseyo ilibe mlandu. Afunseni mwaulemu ngati ayesako bcdboot. Mmisiri wodziwa ntchito yake sakwiya ndi funso limeneli. Akati palibe kuchitira mwina, apempheni ayambe akopera mafayilo anu, poyatsira pa fulashi ya Linux kapena polumikiza disikiyo pa kompyuta ina, ndipo muone ndi maso anu kuti mafayilowo akutseguka.

Ndachotsa gawo lolakwika, ndipo munali mafayilo ofunika. Angabwerere?

Mwayi ulipo ngati mwaima pomwepo. Delete Volume imangozula zikhomo za malire. Za m'mundamo zimakhala zilipo mpaka wina atalimapo. Kulimako ndiko kupanga gawo latsopano pamalopo, kufomata, kapena kukulitsa C: kuti ifike pamenepo. Musachite chilichonse mwa zimenezi. Pulogalamu yaulere ya TestDisk, yolembedwa ndi Christophe Grenier, imasanthula disiki n'kupeza pamene gawolo linkayambira ndi pamene linkathera, ndipo imakulolani kuona mafayilo n'kuwakopera kwina musanabwezeretse kaundula. Koperani kaye, kubwezeretsa pambuyo. Inzake ya PhotoRec imatola mafayilo ngakhale kaundula atawonongekeratu, kungoti amabwera opanda mayina awo ndi mafoda awo.

Pa SSD mwayiwu sukhalitsa ngati pa hadi disiki yozungulira. Windows ikauza SSD, kudzera mu lamulo la TRIM, kuti malo akuti sakugwiranso ntchito, SSD imawayeretsa yokha, ndipo zikatero palibe pulogalamu imene ingabweze kanthu. Kufomata kumatumiza uthenga umenewo.

Ndayatsira pa fulashi, koma list disk sikuonetsa disiki yanga n'komwe.

Pamenepa nkhani si ya magawo. Pa malaputopu ambiri a purosesa ya Intel ya m'badwo wa 11 kupita m'tsogolo, fulashi ya Windows siona SSD mpaka mutaipatsa driver ya Intel Rapid Storage Technology, imene imapezeka pa tsamba la opanga laputopuyo. Mumaikopera pa fulashi n'kuilowetsa ndi lamulo la drvload. Ngati kompyuta ndi yakale, yang'anani m'masetingi a pa bodi ngati disikiyo ikutchulidwa. Ikapanda kutchulidwa, zimitsani, muzule n'kubwezera chingwe cha SATA kapena kachipangizo ka M.2, chifukwa laputopu ikamayenda m'chikwama pa njinga ndi m'maminibasi zinthu mkatimo zimakhwefuka. Koma hadi disiki ikamalira kuti tiki, tiki, tiki, kapena ikamaoneka n'kusowanso, ndiye kuti ikufa. Musamangoiyatsayatsa poyesa malamulo, chifukwa kuzungulira kulikonse kukuwonjezera bala. Izimitseni, ndipo ikadzaonekanso ngakhale kamodzi, ntchito yoyamba ikhale kukopera mafayilo pa disiki ina.